Zofunika kudziwa posintha kamakina kopimira shuga

MABANJA ena m'makomboni a Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi tsopano ali ndi kamakina kopimira shuga panyumba. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la WHO anaonetsa kuti pa anthu akulu 100 ali onse muno m'Zambia, pafupifupi 6 ali ndi shuga yokwera m'magazi. Kwa amene amwa mapiritsi kapena alasa nyeleti ya insulin, nambala imene kamakinaka kaonetsa m'mamawa ndiyo iwauza mmene matenda agonera m'thupi.

Koma kamakina sikakhala muyaya. Kena kaonongeka, kena kasowa, kena kakali kabwino ndithu koma tumapepala twake tuleka kupezeka m'makemisiti. Anthu ena alandira katsopano monga mphatso kucokera kwa mwana amene asewenza ku Lusaka, ku Johannesburg kapena kutsidya la nyanja. Mphatso yotere ikondweretsa, koma masiku oyamba osinthira afunika maso. Nambala ya kamakina katsopano kawirikawiri isiyana ndi ya kakale, ngakhale munthu ali yemweyo ndi cala comweco. Wodwala amene sadziwa cifukwa cake angaonjeze mankhwala pamene safunika kutero, kapena angakhale phee panyumba pamene afunika kuthamangira kucipatala.

Muyeso wa kamakina

Cinthu coyamba kuona, magazi asanadonthe n'komwe, ndi muyeso umene kamakina kawerengera. Pa dziko lapansi pali miyeso iwiri ya shuga ya m'magazi. Zipatala ndi makiliniki a m'Zambia asewenzetsa muyeso wolembedwa mmol/L, monganso acitira ku South Africa ndi ku Britain. Ku America ndi ku India asewenzetsa wolembedwa mg/dL. Zilembo zimenezi zioneka pagalasi la kamakina, pafupi ndi nambala, ndiponso pabokosi lake.

Miyeso iwiriyi italikirana kwambiri. Nambala ya mg/dL ikula kuwirikiza nthawi 18 kuposa ya mmol/L. Mwacitsanzo, mai amene anazolowera kuona 6.5 m'mawa uli wonse, akapima ndi kamakina kocokera ku America adzaona 117. Shuga yawo siinakwere ai. 117 akaigawa ndi 18 ibwerera pa 6.5 pomwe paja.

Ngozi yeniyeni ili pamene shuga yatsika. Kamakina ka mg/dL kakaonetsa 54, ndiye kuti shuga ili pa 3.0, ndipo munthuyo afunika kumwa zotsekemera nthawi yomweyo. Koma amene anazolowera manambala monga 7 ndi 9 angaganize kuti 54 ndi shuga yokwera moopsa, nathamangira kulasa insulin. Insulin yolasidwa pa shuga yotsika kale ingakomole munthu, ngakhale kumupha kumene.

Kuzindikira muyeso n'kosabvuta. Manambala a mmol/L akhala ndi kadontho pakati, monga 5.8 kapena 11.2, ndipo pa tumakina tambiri salumpha 33.3. Manambala a mg/dL alibe kadontho. Tumakina tambiri twa masiku ano tubwera muyeso wake utatsekeredwa kale kufakitale, kotero kuti sungasinthidwe. Banja limene kamakina kake ndi ka mg/dL licita bwino kulemba manambala awa pacikuto ca buku la wodwala: 70 ndi 3.9, 100 ndi 5.6, 126 ndi 7.0, 180 ndi 10.0; 200 ndi 11.1; 300 ndi 16.7. Komabe amene ali ndi mpata wosankha asankhe ka mmol/L, kuti nambala ya kunyumba ndi ya kukiliniki zizimvana.

Cifukwa cake tumakina tuwiri situgwirizana

Ngakhale muyeso uli umodzi, tumakina tuwiri situpereka nambala imodzimodzi nthawi zonse. Kamakina ka panyumba sikalingana ndi makina akulu a ku labu ya cipatala. Malamulo a bungwe la ISO a mu 2013, amene makampani opanga tumakinatu atsatira, alola kuphonya pang'ono. Pa kupima 100 kuli konse, kupima 95 kuyenera kukhala kosapitirira 15 peresenti pamwamba kapena pansi pa nambala ya ku labu. Shuga ikakhala pansi pa 5.6, kusiyana kololedwa ndi pafupifupi 0.8.

Tanthauzo lake ndi ili. Ngati shuga yeniyeni ya munthu ili pa 10.0, kamakina kabwinobwino kangaonetse nambala ili yonse kuyambira 8.5 mpaka 11.5. Kakale kakaonetsa 9.0 ndipo katsopano n'kuonetsa 10.8, palibe kamene kanama. Tonse tuwiri tuli m'malire ololedwa. Malamulo a mu 2003 anali kulola kusiyana kofika 20 peresenti, motero kamakina kamene kakhala zaka zambiri m'nyumba kangakhale kamene kanali kuphonya kwambiri, mwini wake osadziwa.

Palinso cifukwa cina. Tumakina twina twakale tunali kupereka nambala ya shuga ya m'magazi athunthu, pamene tambiri twa masiku ano tupereka nambala ya shuga ya m'madzi a magazi, amene a ku labu apima. Nambala yaciwiriyi ikhala yokwera ndi pafupifupi 11 peresenti. Munthu amene anali kuona 7.0 pa kakale angayambe kuona 7.8 pa katsopano, pamene kadyedwe ndi mankhwala zili cimodzimodzi.

Kuyesa kamakina katsopano

Ngati tumapepala twa kamakina kakale tukalipo ndipo situnathe masiku, ndi canzeru kupima ndi tumakina tonse tuwiri kwa masiku atatu kapena anai. Cala cibooledwa kamodzi, ndipo magazi aikidwa pa kakale ndi pa katsopano motsatizana popanda kucedwa. Manambala onse awiri alembedwa m'buku pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Pakutha pa masikuwo cidzaoneka ngati katsopano kakonda kuwerenga pamwamba kapena pansi pa kakale, ndi kuti kusiyanako n'kotani.

Woweruza weniweni ndi labu. Patsiku la kukiliniki ya shuga, kaya ndi ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete kapena pa cipatala ca boma ca pafupi, wodwala anyamule kamakina katsopano, tumapepala twake ndi buku lija. Pamene atengedwa magazi a ku labu, apimenso ndi kamakina kake pasanapite mphindi zowerengeka, kuti manambala awiriwo adzalinganizidwe. Kuyesa kumeneku kuyenda bwino m'mawa munthu asanadye, cifukwa pambuyo pa cakudya shuga ya pa cala ikhala yokwera kuposa ya m'mtsempha wa pamkono. Amene alasa insulin apangane ndi anamwino za nthawi ya nyeleti ya tsikulo, ndipo anyamule cakudya, popeza mzere wa kucipatala ungatalike.

Tumakina tambiri tulinso ndi madzi ake oyesera, amene agulitsidwa m'kabotolo kakang'ono. Dontho la madziwo liikidwa pa kapepala m'malo mwa magazi, ndipo nambala yotuluka iyenera kukhala pakati pa manambala awiri olembedwa pa botolo la tumapepala. Ikatuluka kunja kwa malirewo, cilipo colakwika, kaya ndi tumapepala kaya ndi kamakina.

Kuyesa kukatha, kamakina kakale kaikidwe padera. Kupima lero ndi aka, mawa ndi ako, kusokoneza buku ndipo dokotala alephera kuona mmene shuga iyendera. Ena apima ndi tonse tuwiri nalemba nambala imene yawakondweretsa. Kutero n'kudzinamiza, pakuti impso, maso ndi mapazi zionongeka ndi shuga imene ili m'magazi, ngakhale m'buku mulembedwe zokoma.

Tumapepala ndito tudya ndalama

Kamakina kagulidwa kamodzi, koma tumapepala tugulidwa mwezi ndi mwezi. Tumapepala tambiri tubwera m'mabotolo a 25 kapena 50. Munthu amene apima kawiri patsiku afunika 60 pamwezi, ndiye kuti botolo limodzi la 50 silimufikitsa kumapeto a mwezi. Asanagule kamakina, kapena asanauze m'bale wa kutali mtundu woti atumize, wodwala ayambe wazungulira makemisiti a m'tauni yake kufunsa mitundu ya tumapepala imene ipezeka nthawi zonse ndi mtengo wake. Kamakina kochipa kamene tumapepala twake tupezeka ku Lusaka kokha kadzagona m'kabati.

Kamakina kali konse kali ndi tumapepala twakekwake. Twa OneTouch situgwira nchito mu Accu-Chek, ndipo twa Contour situgwira mu On Call Plus. Ngakhale kampani ili imodzi, mitundu isiyana: tumapepala twa Accu-Chek Active situsewenza mu Accu-Chek Instant. Dzina lonse lolembedwa pa kamakina liyenera kufanana ndi lolembedwa pa botolo. Mwana wotumidwa kukemisiti apatsidwe botolo lakale lopanda kanthu kuti akaonetse wogulitsa.

Tumakina twina twakale tufuna kuti nambala yochedwa kodi, yolembedwa pa botolo, ilowetsedwe nthawi zonse botolo latsopano likatsegulidwa, kapena kuti kacitsulo kobwera m'bokosi kalowetsedwe pambali. Kodi ikalakwika, nambala ya shuga nayo ilakwika. Tumakina tambiri twa masiku ano situfuna zimenezi, koma wogula afunse asanacoke m'kemisiti.

Pa botolo liri lonse palembedwa tsiku lothera nchito. Mitundu ina ithanso mphamvu pakapita miyezi 3 kapena 6 cicokere tsiku lotsegula botolo, ndipo kapepala ka malangizo ka m'bokosi kanena zimenezi. N'cifukwa cake tsiku lotsegula liyenera kulembedwa pa botolo. Tumapepala totha masiku tungaonetse nambala yabodza popanda cenjezo liri lonse. Kudula kapepala pakati pofuna kupulumutsa ndalama, kapena kukasewenzetsa kawiri, n'kutaya ndalama zomwezo.

Kutentha ndi cinyezi ndiwo adani a tumapepala. Mitundu yambiri ifuna malo osapitirira madigiri 30, pamene m'mwezi wa October nyumba ya malata itentha kuposa pamenepo, makamaka kucigwa ca Luangwa. Botolo lisasiyidwe pawindo, pafupi ndi mbaula kapena m'galimoto yoima padzuwa. Malo abwino ndi pansi m'kabati, kucipinda cimene dzuwa silifika. Mabanja opanda firiji asunga insulin mumtsuko wadothi wa madzi, ndipo ndi nzeru yabwino kwa insulin, koma tumapepala tusaikidwe kumeneko cifukwa ca cinyezi. Kapepala kakangoturutsidwa, botolo litsekedwe zolimba nthawi yomweyo, makamaka m'nyengo ya dzinja.

Tumapepala tugulidwe m'makemisiti okhala ndi cilolezo ca bungwe la ZAMRA, limene liyang'anira za mankhwala m'dziko lino. Togulitsidwa pamsika kapena m'mbali mwa mseu, palibe adziwa masiku amene twakhala padzuwa.

Kapimidwe kabwino

Manambala ambiri olakwika acokera m'manja mwa wopima. Cala cimene cagwira mango, nthoci, nzimbe, masuku kapena citumbuwa cikhala ndi shuga pakhungu, ndipo shugayo isakanikira ndi dontho la magazi n'kukweza nambala kwambiri. Manja asambidwe ndi sopo ndi madzi ofunda, kenaka apukutidwe mpaka aume. Cala conyowa cisungunula magazi ndi kutsitsa nambala. Amene apukuta ndi sipiriti ayembekeze kuti iume asanaboole.

Pobowola ndi m'mbali mwa nsonga ya cala, pamene sipapweteka kwambiri, ndipo zala zizisinthidwa. Kufinya cala mwamphamvu kuturutsa madzi a m'mnofu amene asokoneza nambala. Magazi akakana, dzanja ligwetsedwe pansi kwa kanthawi ndi kulisisita kucokera pacikhatho kupita kunsonga.

Kaikidwe ka magazi nakonso kasiyana. Pa mitundu ina dontho ligwetsedwa pamwamba pa kapepala, pamene pa mitundu yambiri yatsopano nsonga ya kapepala ingokhudza dontho n'kuyamwa yokha. Amene anazolowera njira yakale apaka magazi pamwamba, ndipo kamakina kakana kapena kaonetsa nambala yolakwika. Nthawi yoyamba ndi bwino kupima pamaso pa namwino kapena wa pakemisiti kuti akonze pamene palakwika.

Tsiku ndi nthawi zikonzedwe pa kamakina kasanayambe nchito, apo ai manambala osungidwa m'kati mwake sadzathandiza dokotala. Tumakina tambiri tusewenzetsa kabatire kobulungira konga kandalama, ka mtundu wa CR2032, ndipo ndi bwino kukhala ndi kena kapadera. Buku lisaleke kulembedwa, pakuti manambala a m'kamakina kakale sasamukira m'katsopano.

Kansingano koboolera ndi colembera cake n'za munthu mmodzi. M'komboni anthu akonda kubwerekana, ndipo mnansi akamva kuti kwabwera kamakina katsopano afuna kupimako. Kubwerekana zoboolera kufalitsa matenda a ciwindi a hepatitis B ndi C, ndiponso kacirombo ka HIV. Tunsingano tosewenzetsa kale tuikidwe m'botolo lolimba lotsekeka, kutali ndi ana, ndi kukapereka kukiliniki.

Pamene thupi ndi kamakina zitsutsana

Matenda ena asokoneza kamakina. Munthu wocepa magazi, monga amene wangocira malungo, mai wapakati kapena wodwala sickle cell, angaone nambala yokwera kuposa shuga yake yeniyeni pa mitundu ina ya tumakina. Munthu amene watha madzi m'thupi kwambiri cifukwa ca kusanza kapena kutsegula m'mimba angaone nambala yotsika kuposa yeniyeni. Malungo akulu ndi mankhwala a kwinini nazonso zitsitsa shuga. Wodwala wotere auze azaumoyo mtundu wa kamakina kamene asewenzetsa.

Lamulo lofunika kuposa onse ndi lakuti thupi lisanyozedwe. Munthu amene anjenjemera, aturuka thukuta lozizira, amva njala yadzidzidzi, mtima uthamanga, aona cizungulire kapena alankhula zosamveka, ayesedwe kuti shuga yatsika, ngakhale kamakina katsopano kaonetse nambala yabwino. Cimodzimodzi nambala ikakhala pansi pa 4.0. Apatsidwe masupuni ang'ono 3 kapena 4 a shuga m'kapu ya madzi, kapena theka la botolo laling'ono la Fanta kapena Coca-Cola, osati zija zopanda shuga. Pakapita mphindi 15 apimidwenso, ndipo ikakhala ikali pansi apatsidwenso. Akatsitsimuka adye nsima, buledi, mbatata kapena phala. Ngoziyi igwera kwambiri olasa insulin ndi akumwa mapiritsi a glibenclamide.

Munthu wokomoka asathiridwe kanthu m'kamwa cifukwa angatsamwe. Agonekedwe cam'mbali ndi kuthamangitsidwa kucipatala.

Nthawi zina m'malo mwa nambala kamakina kaonetsa zilembo. LO itanthauza kuti shuga yatsika kwambiri kupitirira pamene kamakina kangawerenge, ndipo wodwala athandizidwe mwamsanga monga mmene zafotokozedwera pamwambapa. HI itanthauza kuti yakwera kupitirira malire, amene pa tumakina tambiri ndi 33.3. Wodwala asambe m'manja ndi kupimanso ndi kapepala kena. HI ikabweranso, apite kucipatala tsiku lomwelo. Shuga yokwera imene yabwera ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira kapena tulo tosaleka siiyembekeza kuca.

Zimenezi ziyenera kudziwika kwa a m'nyumba onse. Okalamba ambiri odwala shuga saona bwino, ndipo amene awawerengera nambala ndi mdzukulu. Kadontho kakaphonyedwa, 2.8 iwerengedwa 28. Aliyense amene athandiza wodwala aonetsedwe kamakina katsopano tsiku limene kafika, adziwe muyeso wake, malo a kadontho ndi tanthauzo la LO ndi HI.

Mankhwala asasinthidwe panyumba

Kwa akulu ambiri odwala shuga, madokotala afuna kuti nambala ikhale pakati pa 4.4 ndi 7.2 asanadye, ndi pansi pa 10.0 patapita maola awiri atadya. Malire a ana, amai apakati ndi okalamba akhala osiyana, ndipo dokotala ndiye auza munthu aliyense malire ake. Manambala akasuntha pang'ono sabata imene kamakina kasinthidwa, pamene kadyedwe, nchito ndi mankhwala sizinasinthe, coyamba kukaikira ndi kamakina. Mlingo wa insulin, metformin kapena glibenclamide usaonjezedwe kapena kucepetsedwa cifukwa ca kusuntha kumeneku popanda mau a dokotala kapena a namwino wa kukiliniki ya shuga.

Pamene kukaikira kupitiriza, pali kupima kwa ku labu kochedwa HbA1c, kumene kuonetsa mmene shuga yakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapita. Kupima kumeneku sikudalira kamakina ka panyumba, motero kuthandiza dokotala kuona ngati manambala a m'buku anena zoona. Wodwala angafunse kucipatala cake kumene kupimaku kucitika.

Banja limene lalandira kamakina katsopano lionetsetse zinthu zisanu. Muyeso ukhale wodziwika. Tumapepala tukhale twa mtundu womwewo, topezeka pafupi ndi tosatha masiku. Manja asambidwe nthawi zonse. Kamakina kalinganizidwe ndi labu. Tsiku losinthira lilembedwe m'buku ndi zilembo zazikulu, kuti dokotala potsegula bukulo adziwe pamene manambala a kamakina kakale athera ndi pamene a katsopano ayambira.